Tikamamanga makalasi ku Salima tiziganizira maso ndi makutu a mwana

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndiyankhule ndi makomiti a sukulu ndi amisiri anzanga a m'boma la Salima. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, tikamanga buloko timawerenga njerwa, matumba a simenti ndi malata. Za mtundu wa penti, mbali yoyang'anitsa mawindo ndi khoma loikapo bolodi timazisiya m'manja mwa aliyense amene wagwira bulashi tsiku limenelo. Komatu zimenezi ndi zomwe zimachititsa kuti mwana wokhala kumbuyo aone kapena asaone zimene aphunzitsi alemba.

Diso likayang'ana powala kwambiri, kamwanadiso kamachepa kuti kuwala kusalowe kochuluka, ndipo zonse zoyandikana ndi powalapo zimaoneka zakuda. Choncho bolodi likakhala pa khoma lomwe lili ndi windo kapena chitseko, mwana amaona kuwala kwa panja, choko n'kuzimirira. Amatsinzinira, mutu n'kuyamba kupweteka, mwinanso n'kuyamba kusewera, ife n'kumati ndi wopanda chidwi. Bolodi liyenera kukhala pa khoma lopanda bowo lililonse, kuwala kuzilowera m'mbali. Penti yake ikhale ya bolodi yeniyeni, yosanyezimira. Ambiri akafuna kusunga ndalama amapaka penti yakuda yamafuta, yomwe imathwanima ngati nyanja ya ku Senga Bay masana, ndipo choko sichigwira bwino. Pulasitala wa bolodi asalazidwe, apatsidwe masabata anayi kuti aume, kenako apakidwe kawiri kapena katatu mopyapyala. Mukapaka pa simenti yaiwisi, penti imatumphuka isanathe ndi teremu yomwe.

Zilembo nazo zili ndi muyeso wake. Ife olemba zikwangwani timati pa mamita atatu aliwonse, chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka. Mwana wa kumbuyo amakhala pa mtunda wa mamita 7 kapena 8, kutanthauza kuti zilembo za pa bolodi zifike masentimita 6. Choko choyera ndi chachikasu ndicho chimaoneka patali. Chofiira ndi chabuluu pa bolodi lakuda chimasowa, ndipo pali ana ena, makamaka anyamata, omwe maso awo sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira chibadwire.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya makoma. Makalasi ambiri ali ndi njerwa zamabowo m'malo mwa mawindo, poopa akuba ndi kusweka kwa magalasi. Kuwala kolowa pamenepo n'kochepa kale, ndiye mkati n'kusiya pulasitala wotuwa wosapaka kanthu. Khoma loyera limabweza gawo lalikulu la kuwala komwe lalandira, pamene la simenti yokhayokha limameza koposa theka. Chipinda chomwecho, mabowo omwewo, chimasanduka chowala mukangochiyeretsa. Mtengo wake si woopsa. Kalasi ya mamita 8 m'litali, 7 m'lifupi ndi 3 kutalika ili ndi makoma osapitirira masikweya mita 90. Lita imodzi ya penti yamadzi imakwana masikweya mita pafupifupi 10, choncho ndowa imodzi ya malita 20 ikwanira kupaka kawiri, bola osaisungunula ndi madzi mpaka kusanduka mkaka wa dzulo monga amachitira ena. M'munsi, kufika mita imodzi ndi pang'ono, mutha kupaka penti yamafuta ya mtundu wofatsa yoti izitsukika, chifukwa ana amatsamira. Kumtunda konse kukhale koyera kapena kwa kirimu.

Ndalama zikavuta, laimu alipo. Msungunuleni akhale wamadzimadzi, nyowetsani khoma kaye, pakani mopyapyala katatu, ndipo muzidikira tsiku lathunthu musanabwereze. Laimu wokhuthala, kapena wopakidwa dzuwa likuswa mtengo, amauma msanga n'kumayoyokera pa yunifolomu za ana. Amayi athu akamazira nyumba amadziwa kale kusankha dothi loyera, lofiira ndi lakuda n'kuika lililonse pamalo pake. Luso limenelo lili m'mudzi momwemo, koma pa msonkhano wa chitukuko safunsidwa.

Zithunzi ndi zilembo za pa khoma m'makalasi a Sitandade 1 ndi 2 n'zabwino, koma zipite m'mbali ndi kumbuyo. Khoma la bolodi likadzaza nyama, mapu ndi manambala a mitundumitundu, diso la mwana limangoyendayenda osakhazikika pa zomwe zikuphunzitsidwa.

Kuno kutentha kwa Okutobala ndi Novembala aliyense akukudziwa. Buloko iyenera kugona motalika kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti mawindo ayang'ane kumpoto ndi kumwera. Mukaitembenuza kuti iyang'ane msewu kaamba kofuna ioneke bwino kwa odutsa, dzuwa la m'mawa lochokera kunyanja limalowa mpaka pa madesiki, lamasana n'kulowera mbali inayo. Denga litulukeko masentimita osachepera 60 kuti lichite mthunzi pa khoma. Malata akuda kapena adzimbiri amamwa kutentha n'kukutsitsira pamitu pa ana, pamene opakidwa penti yoyera ya padenga amabweza dzuwa. Malata oonekera aja amathandiza kuwala, koma awiri kapena atatu akwana, ndipo asakhale pamwamba penipeni pa bolodi kapena pa mzere wa ana, chifukwa pansi pake pamawotcha.

Makutu timawaiwaliratu. Simenti pansi, simenti m'mbali, malata pamwamba: mawu amangogunda n'kubwerera, ndipo m'kalasi ya ana oposa 100 mawu a aphunzitsi amafika kumbuyo atasakanikirana ndi phokoso. Mvula ikagwa phunziro limaima. Siling'i ndiye mankhwala, koma komwe sangakwanitse, mphasa kapena mikeka yokhomedwa kunsi kwa malata ndi pa khoma lakumbuyo imameza mawu obwerera ndi kuchepetsako kutentha. Bango ndi mlaza sizisowa m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Chipoka mpaka ku Nkhotakota. Chofunika n'kuziona chaka ndi chaka ngati simunalowe chiswe kapena mileme.

Pempho langa kwa makomiti ndi ili: musanasaine kuti ntchito yatha ndi kulipira kontilakita ndalama zomaliza, mmodzi wa inu alowe m'kalasimo cha m'ma 8 koloko m'mawa ndi cha m'ma 12 koloko masana, akhale pansi pakona yakumbuyo pa msinkhu wa mwana, wina alembe pa bolodi ndi kuyankhula. Ngati sakuona kapena sakumva bwino, mmisiri akonze asanachotse makwerero ake pamalopo.

Mmisiri wopenta ndi kulemba zikwangwani,
Salima