Za maloto akowo, ndi za azakhali ako

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza zonse. Usamukalipire, ndine ndinamukakamiza mpaka anandimvetsera uthenga uja unamutumizira pa WhatsApp. Nditangomva mawu ako ndinadziwiratu kuti sukugona. Zoti ukulota zoopsa sizinandidzidzimutse kwenikweni. Chandisowetsa mtendere ndi dzina lija unatchula kumapeto. Azakhali ako? Iwe wafika ponena kuti azakhali ako ndiwo akukubwerera usiku? Ndipo wakuuza zimenezi ndi mneneri wa ku Johannesburg komweko, amene sanawaonepo n'kamodzi komwe, amene sadziwa ndi njira yomwe yofikira kwathu kuno.

Ndiyambe ndi chokupanikiza pachifuwa chija, poti ndicho chakuthyola mtima. Ukuti umadzuka, chipinda ukuchiona bwinobwino, koma dzanja osatheka, mwendo osatheka, ukati ukuwe mawu osatuluka, ndipo pakhomo pamaima chinthu chonga mayi wofunda nsalu. Sindikukutsutsa. Umachionadi, ndipo mantha akewo ndi enieni. Inenso chinkandigwira zaka zija ndinkagwira ya usiku ku wodi ya amayi, ndikaweruka m'mawa n'kudzigwetsa chagada pamphasa yunifomu ili m'thupi. Anamwino anzanga nawo chinkawagwira, tinkauzana pomwa tiyi.

Tamvera chimene chimachitika. Tulo timabwera m'magawo. Pafupifupi mphindi 90 zilizonse munthu amalowa m'gawo limene maloto amachuluka, madokotala amalitcha REM, ndipo gawoli limanka litalika tulo tikamayandikira kutha. N'chifukwa chake maloto ambiri amene timakumbukira ndi a m'bandakucha. Akatswiri a ku yunivesite ya Chicago ndiwo analizindikira mu 1953, poona maso a anthu ogona akuyendayenda. Ngakhale iwe ukhoza kuona wekha. Ukadzabwera kuno, mwana wako uja akagona, udzayang'anitsitse zikope zake, udzaona maso akuthamangathamanga mkati, milomo ikugwedera ngati akufuna kumwetulira. Pa nthawi imeneyo ubongo umaumitsa minofu ya thupi kuti munthu asadzuke n'kuyamba kuchita zimene akulota. Mulungu anatipanga choncho potiteteza, bwenzi anthu akumenya makoma ndi kutuluka pawindo ali mtulo. Tsono nthawi zina ubongo umadzuka thupi likadali louma, loto nalonso lisanathe. Pamenepo ndi pomwe umaona chipinda chako chenicheni pamodzi ndi munthu wa m'maloto. Sichipha munthu chimenechi. Chimatha chokha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa. Chimakonda anthu osagona mokwanira, ogona mosinthasintha nthawi, ndi ogona chagada. Nanga iwe si mlonda wa usiku? Si iwe umagona masana m'chipinda cha malata, anzako akulowa ndi kutuluka, wailesi ikulira? Zonse zitatu zili pa iwe, mwana wanga.

Chikadzakugwiranso usalimbane nacho, chifukwa kulimbanako ndiye kumawonjezera mantha. Puma pang'onopang'ono. Yesa kugwedeza chala chimodzi chokha, chakuphazi kapena chakudzanja, ndipo mumtima udziuze kuti ichi ndi chija amayi ananena, chitha posachedwa. Uzigona chammbali. Pawindo upachikepo bulangete kuti mukhale mdima, ndipo foniyo uziyiika kutali ndi mutu. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa. Iwe ukugona angati?

Ndikulemba pano misozi ikulengeza. Chaka chija bambo ako anatisiya, unadwala malungo aakulu ine ndili pantchito. Anakubereka ndani kumbuyo usiku kudzafika nawe kuchipatala, mvula ikugwa, tochi ili pakamwa? Ndani anagulitsa mbuzi zake kuti ulipire mayeso a Fomu 4? Azakhali akowo akanakhala ndi mtima wokupha, mpata anali nawo usiku umenewo, munali awiriwiri m'njira. Lero akalamba, maso sakuona bwino, akukhala okha, ndiye asanduka mfiti? Ayi, mwana wanga. Ayi ndithu.

Tsopano za matope zija. Ukuti umalota ukukumba ndi manja, matope akukufika m'chiuno, wina akukuitana pansi koma sukumupeza. Mneneri wakoyo akuti ndi manda amene achibale akukukumbira. Iyeyo ku Chilobwe mu Malichi 2023 kunalibe. Iwe unaliko. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, iwe unali m'gulu la anyamata amene anakumba ndi makasu, ena ndi manja, kufunafuna anthu. Utabwera kuno zikhadabo zako zinali zothyoka, nsima unkangoitsina pang'ono n'kusamba m'manja. Ndikakufunsa unkangoti zili bwino amayi. Sunalire, sunafotokozere munthu aliyense, ndipo posakhalitsa unakwera basi. Zimene unaona kumeneko sizinapite kwina kulikonse, uli nazo, ndipo masana ukazitsekera zimatulukira kutulo. Munthu amene waona zoopsa, kaya ngozi, kaya nkhondo, kaya madzi osefukira, kawirikawiri amazilota mobwerezabwereza, ngakhale papite zaka. Si misala, si ufiti, ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi bala la mumtima, ndipo lili ndi chithandizo chake.

Pita ku kiliniki ya pafupi ndi kumene ukukhala. Ukawauze kuti sukugona, ndipo ukawauzenso za ku Chilobwe, usakabise. Upemphe kuonana ndi munthu wopereka uphungu. Ukadzabwera kumudzi chithandizo chotere chiliponso, ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu ovutika maganizo. Usachite manyazi. Mwamuna amene anakumba matope kufuna kupulumutsa anzake alibe chochitira manyazi.

Palinso njira imene akatswiri a maganizo amaphunzitsa anthu olota zoopsa mobwereza, ndipo ukhoza kuiyamba wekha popanda kulipira munthu. Gula kope. Masana, dzuwa likuswa mtengo, lemba lotolo. Ukatero ulisinthe momwe iwe ukufunira. Mwina matope aja akuphwa, ukuponda pouma, anzako akubwera n'kukugwira dzanja, amene ankaitana uja mukumupeza ali moyo. Loto latsopanolo uziliona m'maganizo mwako mphindi 10 kapena 20 tsiku lililonse, maso otseka, utakhala pansi. Sizisintha tsiku limodzi, zimatenga masabata, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma anthu ambiri amapeza kuti loto loopsalo layamba kubwera patalipatali, kapena likabwera silikhalanso ndi mphamvu ngati kale. Ukaona kuti kulembako kukukubwezera ku Soche mopitirira, usiye kaye, ukachitire pamodzi ndi mlangizi uja. Alipo ena amene amafika pozindikira ali m'kati mwa loto kuti ndikulota, n'kulitembenuza pomwepo kapena kudzidzutsa. Kulemba maloto kumathandiza kufika pamenepo, komanso kudziuza pogona kuti ndikaona matope ndidziwa kuti ndi loto. Si aliyense amakwanitsa, ndiye usadzikakamize.

Ndamvanso kuti wayamba kumwa kuti tulo tibwere. Usakane, mlongo wako sanama. Mowa umagwetsadi munthu msanga, koma umapondereza gawo la maloto lija koyambirira, ndiye ukamatha m'thupi maloto amabwera ochuluka ndi owopsa kuposa kale, munthu n'kudzuka thukuta lili kamukamu. Ukumwa kuti uthawe maloto, pomwe mowawo ndiwo ukuwakolezera. Ndiponso zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zija mumamwa kuti musasinze pantchito, usamamwe kukamacha, zimakhalitsa m'thupi maola ambiri. Siya mowa, mwana wanga. Bambo ako sankamwa.

Thupi limalotetsa, usaiwale. Munthu wotentha thupi ndi malungo amabwebweta n'kuona zinthu pakhoma. Kuchipatala kuja tinkapereka ma ARV ena otchedwa 5A, momwe munali mankhwala a efavirenz. Odwala ankabwera ali njenjenje, wina akuti ndikulota ndikuuluka, wina akuti njoka zikundizinga, ena atayamba kale kukayikira apongozi awo. Chonsecho anali mankhwala, ndipo kwa ambiri zinkachepa pakatha masabata angapo. Mu 2019 boma litayamba kusinthira anthu ku mankhwala a dolutegravir, madandaulo a maloto otere anachepa m'wodi mwathu. Sindikuti iwe ukumwa amenewo. Ndikuti ngati pali mankhwala aliwonse amene ukumwa, ukawatchule ku kiliniki, ndipo usasiye wekha dokotala asananene.

Usaganize kuti mayi ako ataya Mulungu chifukwa cha sukulu ya unamwino. Ndimakhulupirira kuti Mulungu akafuna amalankhula m'maloto. Anachenjeza Yosefe, mwamuna wa Mariya, kuti athawire ku Igupto ndi mwana. Yosefe wina uja, wa m'buku la Genesis, anamasulira maloto a Farao anthu n'kupulumuka ku njala ya zaka 7. Koma tawerenga wekha, uone ngati anayamba watchula mtengo. Iye ananena poyera kuti kumasulira n'kwa Mulungu. Mfumu Nebukadinezara, pa Danieli 2, inakana kuuza anzeru ake loto lake, inati anene okha lotolo kuti idziwe ngati kumasulira kwawo kuli koona, ndipo onse analephera kupatula Danieli. Wakoyo unamuuza wekha zonse, za imfa ya bambo ako, za munda uja tinakanganirana, za azakhali ako okhala okha. Anangotola mawu ako omwewo n'kukubwezera atawanola. Yeremiya 23 amadzudzula aneneri onama amene amayenda akunena kuti alota. Mlaliki 5 akuti maloto amadza ndi kuchuluka kwa ntchito ndi zodetsa nkhawa. Zonsezi zili m'Baibulo lomwe lija ndinakuikira m'chikwama.

Nanga ndalama zapita zingati? Mafuta, madzi a m'botolo, kubzala mbewu, ndipo ndamva kuti tsopano akufuna ina yoti akabwezere kwa amene akukutuma. Miyezi yapitayi mkazi wako wakhala akukongola ufa kwa anansi. Sanadandaule kwa ine, ndinaona ndekha. Ma rand amenewo umawapeza utaima pageti usiku wonse m'chisanu cha Juni. Munthu amene akukuchiritsa safuna kuti uzibwerabwera mpaka kalekale. Uyuyu ukachira adya chiyani?

Agogo ako nawo ankamasulira maloto, ukukumbukira. M'mawa tikuotha moto, wina akati ndalota maliro, iwo ankati usaope, kukubwera ukwati. Wina akalota malemu, ankati akusowa, tiwakumbukire. Akatero ankanyamula khasu ulendo wa kumunda. Sindinawamvepo akutchula dzina la munthu wamoyo kuti uyu ndiye wakulodza, ndipo sanalandirepo ngakhale dzira limodzi.

Ukuti umalotanso bambo ako atakhala pakhonde osalankhula. Inenso ndimawalota, atavala jekete lawo lija ankandiperekeza nalo ku Mvano, ndipo ndikadzuka ndimathokoza kuti ndawaonako. Sakukwiyira. Unali mwana pomwe anapita, sunatsanzikane nawo bwino, ndipo tsopano nawenso ndiwe bambo, uli kutali ndi mwana wako. Ukanapanda kuwalota bwenzi ndikudabwa. Ngati mtima wako ukufuna kuwachitira kanthu, chiliza chija sitinamange. Ndalama ukupereka kwa mlendoyo uzisunge, ukabwera tidzamange, abale onse adzakhalepo, azakhali ako ali patsogolo poti ndi mlongo wawo.

Ndibwererenso kwa azakhali ako, chifukwa apa ndi pomwe mantha anga ali. Iwe uli kutali, ukuona ngati wangolankhula ndi mlongo wako. Mawu sayenda choncho masiku ano. Uthenga uja ukangolowa m'gulu la pa WhatsApp la achibale, mawa uli pachigayo, mkucha uli m'kamwa mwa anyamata a pamsika. Kukangomwalira mwana m'mudzi muno, kapena mphenzi ikagwa, adzakumbukira kuti ngakhale mwana wa mlongo wawo ananena. Ku Neno mu Januwale 2016 anthu okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi, mtsikana wina atafa ndi mphenzi anthu n'kuwanamizira ufiti. Amene anawapha sanali alendo, anali anthu owadziwa. Ndipo dziwa kuti lamulo la dziko lino la za ufiti, la mu 1911, likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma si ndende imene ndikuopa. Ndikuopa kudzaona nyumba ya mayi uja ikuyaka chifukwa cha loto la mwana wanga.

Uthenga uja uufufute, ndipo usautumizenso kwa wina aliyense. Mlongo wako wafufuta kale ine ndikuona. Kwa mneneriyo usapitenso, ngakhale akuimbire n'kukuopseza kuti ukasiya ufa. Sufa. Ngati ukufuna pemphero, pita kutchalitchi kumene sakuuza mtengo, ndipo ine kuno ndikukupempherera m'mawa ndi madzulo.

Azakhali ako sakudziwa kanthu, ndipo asadziwe. Dzana anabwera ndi ndodo yawo kudzasiya mtedza woti ndikutumizire pa basi, akuti ku Joni kulibe mtedza wokoma ngati wakwathu. Ukalandira uwaimbire, uwathokoze ndi pakamwa pako.

Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndikuimbira, ndipo uyankhe. Ndikufuna udzandiuze ngati wapita ku kiliniki, ngati wagula kope lija, ndi maola amene wagona sabata ino. Ngati ungathe kupempha abwana ako akuike ya masana kwa mwezi umodzi, pempha. Ndipo za ku Chilobwe zija, ukafuna kundifotokozera, mayunitsi ndigula ine.

Ndine mayi ako.