Sembène anavutikira kuti filimu ilankhule chinenero cha kwawo

A Mkonzi,

Dzina la Ousmane Sembène wa ku Senegal likatchulidwa, ambiri amangoti ndi tate wa mafilimu a mu Africa, n'kuthera pomwepo. Ife tikufuna owerenga adziwe chimene chinamutayitsa thukuta kwambiri, chomwe ndi chinenero.

Mkuluyu anabadwira ku Ziguinchor, mzinda wa ku Senegal, mu 1923. Ananyamulapo katundu padoko la Marseille ku France, kenaka anayamba kulemba mabuku m'Chifalansa. Koma ambiri mwa anthu amene ankawalembera sankatha kuwerenga chinenerocho. Ndiye chifukwa chake, ali pafupi ndi zaka 40, anapita ku Moscow kukaphunzira zojambula filimu ku Gorky Studio.

Kamera payokha sinathetse vutolo. Filimu yake ya 1966, La Noire de…, anaijambula osatapa mawu nthawi yomweyo. Mawu anawaika pambuyo pake, ndipo maganizo a Diouana, mtsikana wantchito zapakhomo, timawamva m'Chifalansa, m'mawu a Toto Bissainthe wa ku Haiti, pomwe nkhope ili ya Mbissine Thérèse Diop. Filimuyi ndi yamphamvu, koma Diouana akulankhulabe chinenero cha mabwana ake.

Pa Mandabi, ya 1968, ndi pomwe anaumirira. Ndalama zina zinachokera ku France, choncho panafunika filimu ya m'Chifalansa. Iye anajambula ziwiri, ina m'Chifalansa ina m'Chiwolofu, chinenero chomwe anthu ambiri a ku Senegal amalankhula. Aliyense wodziwa ntchitoyi akudziwa mtengo wake. Chigawo chilichonse chiseweredwe kawiri, tepi yodula ithe kawiri, ndiponso tepiyo ankakaitsukitsa ku France, kotero cholakwika chinkaoneka mochedwa, osewera atabalalika kale. Osewera ake ambiri sanali akatswiri, ndipo munthu akamaloweza mawu a chinenero chomwe sachilankhula pakhomo, thupi limauma.

Ya Chiwolofu ndiyo inatchuka, ndipo inalandira mphotho pa chionetsero cha mafilimu cha ku Venice, ku Italy, chaka chomwecho. Nkhani yake ndi ya Ibrahima Dieng, bambo wokwatira akazi awiri amene mwana wa mlongo wake wamutumizira ndalama zokwana 25,000 francs kudzera kupositi kuchokera ku Paris. Kupositi akufuna chiphaso. Kuti apeze chiphaso, akufuna kalata ya kubadwa ndi chithunzi. Paliponse pali wina wotambasula dzanja, ndipo anansi ayamba kale kudzabwereka. Maofesi onsewo amayenda m'Chifalansa, ndiye mufilimu ya Chiwolofu woonera amamva yekha pomwe Dieng akutsekeredwa kunja.

Boma la kwawo nalo silinamusiye. Filimu ya Ceddo, ya 1977, inaletsedwa ku Senegal, chifukwa chomwe chinaperekedwa n'chakuti boma la Senghor, pulezidenti wa nthawiyo, linkafuna dzinalo lilembedwe ndi d mmodzi. Sembène anakana kusintha, ndipo filimuyo inatha zaka isanaonetsedwe kwawo. Filimu yake yomaliza, Moolaadé, ya 2004, yonena za mdulidwe wa atsikana, anakaijambulira kumudzi ku Burkina Faso m'chinenero cha Bambara. Anamwalira ku Dakar pa 9 June 2007.

Kuno kwathu nyumba zoonetsera vidiyo zimadzaza pakakhala filimu yomasuliridwa m'Chichewa. Tikupempha ma TV athu ndi sukulu zophunzitsa zisudzo kuti zifunefune chilolezo choonetsa Mandabi, yomwe tsopano inakonzedwanso bwino, n'kuiikira mawu a Chichewa olembedwa m'munsi.

Ife,
Owerenga anu okonda mafilimu