Za ulendo wa ku Las Vegas uja

Mnzanga wokondedwa,

Moni kuchokera kuno ku Phoenix, kumene dzuwa likuswa mtengo ngati la ku Nsanje mu Okutobala. Ndikhulupirira kumeneko ku Leeds nonse mukudzuka bwino, alamu ndi ana omwe.

Wandikumbutsa lonjezo langa loti ukabwera chaka chamawa tidzakutengere ku Las Vegas. Tidzapita ndithu, ndi maola asanu okha pa galimoto. Koma ndikuuziretu kuti Vegas imene ndinkakusimbira ija inapita kale.

Titangofika kuno tinkapitako mwina katatu pachaka, ngakhale kuti ife juga sitiyidziwa kwenikweni. Eni makasino ankaponya nyambo: chipinda chotchipa, poimika galimoto paulere, chakudya chodzitengera wekha mpaka mimba kuti nde, chakumwa chobwera chokha bola ukhale pa makina a juga. Ankadziwa kuti ndalama zawo zibwerera kudzera pa tebulo la juga. Ife osauka tinkadya nyamboyo n'kuthawa mbedza. Bambo a kunyumba kuno ankataya madola 20 pa makina, basi, n'kumati alipira lendi.

Pano mbedza aiika pa chitseko penipeni. Pali chinthu chimene amachitcha resort fee. Ndi ndalama imene amawonjezera pa chipinda usiku uliwonse, ati ndi ya intaneti, ya malo ochitira masewera olimbitsa thupi ndi ya telefoni ya m'chipinda. Telefoni ya m'chipinda, mnzanga! Masiku ano ndani amaigwira? Kaya ugwiritse ntchito kaya ayi, ulipira basi. M'mahotela akuluakulu a pa Strip, msewu waukulu wa makasino, imafika madola 50 kapena kuposa, ndipo pamwamba pake amathiranso msonkho wa 13.38 peresenti. Ulendo wina tinapeza chipinda cha madola 39 pakati pa sabata, ine n'kusangalala kuti ndatola. Potuluka, ndalama yowonjezerayo inaposa mtengo wa chipinda chenichenicho. Ndinafunsa mtsikana wa pakauntala kuti kodi tagona zipinda ziwiri? Anangoseka, nayenso zikuoneka kuti funsolo analimva kambirimbiri.

Zoimika galimoto paulere zinayamba kutha mu 2016, pamene kampani ya mahotela ya MGM Resorts inayamba kulipiritsa, ena n'kutsanzira. Malo ambiri odyera mmene ungathere aja anatsekedwa nthawi ya Covid mu 2020 ndipo sanatsegulidwenso. Otsalawo mtengo wake ndi wa paukwati. Ngakhale otchova juga enieni akudandaula. Pa juga ya makhadi yotchedwa blackjack, ukaika madola 10 n'kupata makhadi awiri okwana 21, kale unkalandira 15, pano matebulo ambiri akupereka 12. Pa gudumu la roulette ena anawonjezera ziro wachitatu kuti mwayi wako uchepe. Sakubisanso n'komwe.

Chimene chimandiwawa ine si mtengo wokha ayi. Ndi mtima wake. Munthu wapita kukapuma, koma tsiku lonse ukungowerengera ngati uli pa msika, kuopa kutsegula kafiriji ka m'chipinda kuti mwina ukangosuntha botolo akulemba ngongole. Boma linalowererapo pang'ono: kuyambira Meyi 2025, lamulo la FTC, bungwe la boma loteteza ogula, likukakamiza mahotela kuonetsa mtengo wonse poyambirira. Zathandiza kuti tisamadzidzimuke, koma ndalamayo sinachotsedwe, yangotuluka poyera.

Anthu ayamba kuyankha ndi mapazi. Mu 2024 mzindawu unalandira alendo oposa 41 miliyoni, koma mu 2025 chiwerengerocho chinatsika, makamaka cha ochokera ku Canada, ngakhale iwowo ali ndi zifukwa zawonso za ndale. Anzanga a kuntchito amene ankapita mwezi ndi mwezi, pano ena akungopita ku makasino a mitundu ya eni nthaka a ku America konkuno ku Arizona n'kubwerera kukagona kwawo, ena ku Laughlin, m'mphepete mwa mtsinje wa Colorado. Ife tinatsika kufika kamodzi pachaka, ndipo timagona kunja kwa Strip, pa nyumba yokhala ndi khitchini. Ufa timanyamula. Usaseke.

Ndiye pulani yanga ndi iyi: masiku awiri okha, pakati pa sabata, osati Novembala chifukwa kumakhala mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 ndipo mitengo imapenga. Tidzaona akasupe ovina a pa hotela ya Bellagio, amenewo akadali aulere, usiku tidzayenda pa Fremont Street, pobwerera tidzaima pa Hoover Dam. Ndalama yotsalayo tidzapitire ku chigwa chachikulu cha Grand Canyon.

Undiuze madeti msanga ndipemphe tchuthi. Ndipo ngati alipo wochokera kumudzi posachedwa, undisungireko Nali ndi usipa pang'ono.

Ndine mnzako wa kalekale.