Mafupa a mbuzi ofukulidwa pansi si zinyalala

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene sindiiona kawirikawiri m'nyuzipepala yathuyi, ya momwe akatswiri ofukula zinthu zakale amadziwira nthawi imene anthu anayamba kuweta nyama. Chandichititsa kulemba ndi zimene ndinaona kumudzi kwathu chilimwe chapitachi, anyamata ena akukumba dothi loumbira njerwa. Atafika pansi ndithu anapeza phulusa, mapale okhala ndi mizeremizere m'milomo, ndi mafupa ambiri ofiirira. Mafupawo anawaponya kutchire, mapalewo ana anatola n'kumaseweretsa, ndipo pofika madzulo panali patangotsala dzenje. Zinandiwawa mumtima, chifukwa zinthu zoterezi n'zimene zinaulula mbiri ya mbuzi imene tonsefe tili nayo m'khola.

Mbuzi si yakwathu kuno. Makolo ake ndi mbuzi zakutchire za m'mapiri a kumadzulo kwa Asia, ndipo umboni wina wakale kwambiri wa kuweta kwake unapezeka pa Ganj Dareh, kamudzi kakale ka m'mapiri a Zagros m'dziko la Iran, kumene anthu ankakhala zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Vuto limene akatswiri anali nalo linali lakuti fupa la mbuzi yoweta ya nthawi imeneyo silisiyana kwenikweni ndi la mbuzi yakutchire. Kwa zaka zambiri ankaganiza kuti chizindikiro cha kuweta ndi kuchepa kwa thupi, koma m'chaka cha 2000 Melinda Zeder ndi Brian Hesse anaonetsa njira ina imene mbusa aliyense wa kwathu kuno angaimvetse popanda kupita kusukulu.

Mlenje akalowa m'phiri amafuna nyama yaikulu, choncho pa malo amene ankakhala alenje pamachuluka mafupa a atonde okhwima. Woweta satero. Iye amadziwa kuti khola limakula ndi mkota, ndipo tonde mmodzi amakwanira zazikazi zambiri; n'chifukwa chake kukagwa maliro, ukwati kapena kukafunika fizi ya mwana, imene imatuluka m'khola ndi yamphongo yaing'ono, pamene yaikazi imasungidwa mpaka itasiya kubereka. Izi n'zimene zinapezeka pa Ganj Dareh: zamphongo zambiri zinkaphedwa zisanakhwime, koma zazikazi zinkafika pokalamba. Kusiyanitsa kwake n'kotheka chifukwa fupa la tonde limakhala lalikulu kuposa la yaikazi, ndipo msinkhu umadziwika poona nsonga za mafupa. Aliyense amene anakukutapo fupa la kambuzi kanthete akudziwa kuti kamutu kake kamachoka mosavuta ukakaluma, pamene la mbuzi yokhwima linagwirana kale n'kukhala chinthu chimodzi. Kuchepa kwa thupi kumene ankakamba kale kuja kunapezeka kuti mbali yaikulu kunkangoonetsa kuti m'mafupa a mbuzi zokhwima munachuluka a zazikazi.

Pamalo pomwepo panapezekanso njerwa zadothi zokhala ndi mapazi a mbuzi, zimene zinapondedwa zisanaume. Amene anaumbapo zidina akudziwa mkwiyo wa m'mawa ukapeza mbuzi zayenda pa njerwa zako zadzulo. Mbuzi yakutchire siyendayenda pakati pa nyumba za anthu chomwecho, ndipo kwa ine umenewu ndi umboni wogwira mtima kuposa wina uliwonse. Ku Aşıklı Höyük m'dziko la Turkey, akatswiri anapeza ndowe zounjikana pakati pa nyumba pamodzi ndi mchere wotsalira kumkodzo m'dothi, kusonyeza kuti nkhosa ndi mbuzi zinkatsekeredwa m'mudzi momwemo. Ku Abydos m'dziko la Egypt, mafupa a abulu 10 amene anakwiriridwa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo anali operepeseka m'mfundo ndi pamsana chifukwa chosenza katundu wolemera, ngakhale kuti maonekedwe awo anali adakali ngati a bulu wakutchire.

Pa zonsezi, fupa palokha silinena zambiri. Limalankhula likakhala pamalo pake, pamodzi ndi mafupa anzake, makala amene angapimidwe kuti adziwe zaka zake, ndi mapale amene anali pambali pake. Likangochotsedwa n'kutayidwa, umboniwo watha ndipo palibe angaubwezeretse. Ziweto zathu, mbuzi, nkhosa, ng'ombe ndi nkhuku, zinachita kubwera nazo anthu kuchokera kutali, ndipo njira imene zinadutsa komanso nthawi imene zinafika m'dera lililonse zalembedwa m'dothi la midzi yathu yakale. Ntchito yonga imene katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anagwira pofukula likulu la Amaravi ku Mankhamba inatheka chifukwa dothilo linali lisanasokonezedwe lonse.

Pempho langa likupita kwa mafumu, aphunzitsi, oumba njerwa, okumba zimbudzi ndi makontirakitala a misewu: mukapeza mafupa osakanikirana ndi phulusa ndi mapale pansi patali, imani kaye, jambulani chithunzi pa foni zinthuzo zili pomwepo, ndipo dziwitsani nthambi ya boma yoona za zinthu zakale kudzera kwa bwanamkubwa wa boma lanu. Nanunso a nyuzipepala, tithandizeni posindikiza njira yofikira akatswiriwa, chifukwa tsiku lija kumudzi kwathu panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa woti n'kumuimbira.

Wowerenga wanu,
Dedza