Ukalonjeza Loweruka, Ufike Loweruka

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako ndaulandira. Mtima wanga wakondwa kumva kuti ukufuna kumapereka nthawi yako ndi kangachepe ka malipiro ako ku mabungwe othandiza anthu m'dera lomwe ukukhala. Koma watchula mabungwe anayi, ndipo apo pandidetsa nkhawa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankha limodzi.

Bungwe laling'ono limazunzika kwambiri ndi anthu obwera n'kuzimiririka. Munthu watsopano aliyense amadya nthawi ya wina womuphunzitsa: kumene kumakhala makiyi, kalembedwe ka m'kaundula, woyenera kumuimbira foni pakagwa vuto. Ukabwera masabata atatu n'kusiya, bungwelo lataya nthawi yoposa imene wapereka. Ndiye usawerengere maola ako pa sabata yabwino. Tenga sabata yoipitsitsa, ija ntchito yakupanikiza, mwana akudwala, thupi lalema, uone kuti ungakwanitse maola angati. Ngati ndi awiri, lonjeza awiriwo, pa tsiku lodziwika, kwa miyezi 6, kenako mudzakambiranenso. Ukapanda kufika pa tsikulo, kamnyamata kamene ukukaphunzitsa kuwerenga kadzakhala pakhomo, kope lili pamiyendo, maso ali kumsewu. Sikadzadziwa kuti watanganidwa. Kadzangoti sukukafunanso. Tsiku lolepheradi, uziuza woyang'anira odzipereka dzulo lake, kuti apeze wolowa m'malo mwako.

Usanapereke ndalama, pita ukafunse, ndipo usachite manyazi. Kodi bungwelo linalembetsedwa ku boma, satifiketi yake ili kuti? Komiti imakumana kangati, nanga zokambirana zimalembedwa? Akaunti ya ku banki ili m'dzina la bungwe kapena la munthu? Potulutsa ndalama amasayina angati? Pafunika anthu osachepera awiri, omwe si apachibale. Ukaona woyambitsa bungwe ndi yemweyo wapampando, msungichuma ndi mkazi wake, mlembi ndi mlamu wake, bwerera, ngakhale akhale anthu okoma pakamwa. Mwina sanabe kanthu, koma palibe wowaletsa tsiku limene adzapanikizike ndi ngongole zapakhomo. Pempha lipoti la chuma la chaka chatha. Oyendetsa zinthu bwino amalitulutsa mokondwa.

M'lipotimo usadabwe kuona ndalama za lendi, mafuta a galimoto, magetsi ndi malipiro a antchito. Thandizo silidziyendera lokha kukafika kwa wodwala. Amene akukuuza kuti ndalama yonse imapita kwa ovutika, mufunse kuti nanga lendi amalipira ndani.

Ndalama yochepa yobwera mwezi ndi mwezi imaposa yambiri yobwera kamodzi, chifukwa bungwe limalemba munthu ntchito kapena kulandira ana owonjezera likadziwa zomwe lidzakhale nazo mawa. Konza ku banki kuti izichoka yokha tsiku lolandira malipiro, ndipo ikhale yoti banja lako silingagone nayo ndi njala. Ya ngongole ayi. Landira lisiti nthawi zonse. Ngati wawakhulupirira, usawamange manja ponena kuti ndalamayi ndi ya mabuku basi, chifukwa mwina mabuku alipo koma denga ndi limene likudontha, ndipo ndalama yoperekedwa ndi cholinga chimodzi sangaisinthe popanda chilolezo chako.

Katundu ndiye amavuta kuposa mmene anthu amaganizira. Thumba la zovala zakale limafuna wosankha, wochapa, posungira ndi wonyamula, ndipo zong'ambika amazitaya okha. Yamba wafunsa chomwe akusowa. Mankhwala otsala m'nyumba usapereke n'komwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 1996 akuti mankhwala operekedwa ngati thandizo azikhala atatsala ndi chaka chathunthu asanathe mphamvu, ndipo asakhale obwezedwa ndi odwala.

Lola kuphunzitsidwa, ngakhale ntchitoyo ioneke yophweka. Mu 1859, nkhondo itatha ku Solferino m'dziko la Italy, a Henry Dunant anaona amayi a m'midzi yapafupi akuthandiza asilikali ovulala ndi mtima wonse, koma opanda luso ndi zipangizo zokwanira. Iwo anapempha kuti odzipereka aziphunzitsidwa kukadali mtendere, ndipo m'menemo munabadwa Red Cross ku Geneva mu 1863. Kukapezeka maphunziro a chithandizo choyamba kapena a kasamalidwe ka ana, lembetsa. Uwauzenso luso lako lenileni. Wodziwa kompyuta amene angakonze kaundula wa ndalama amasowa kwambiri kuposa wonyamula mipando. Koma udindo wa msungichuma usaulandire chaka choyamba, usanadziwe mmene mabuku analili kale.

Za ana ndikufuna undimvetse bwino. Usakhale wekha ndi mwana m'chipinda chotseka, pazikhala wamkulu wina kapena chitseko chizikhala chotsekula. Izi zimateteza mwanayo, zimatetezanso iwe. Usapatse mwana mmodzi mphatso kuseri, usatengane naye manambala a foni, ndipo usaike nkhope yake pa Facebook. Umphawi wa munthu ndi chinsinsi chake. Mwana akakuululira kuti wina akumuchitira nkhanza, mvetsera modekha, usamulonjeze kuti usunga chinsinsi, usamupanikize ndi mafunso. Lemba mawu ake mmene wawanenera, ndi tsiku, n'kukauza woyang'anira chitetezo cha ana tsiku lomwelo. Kufufuza si kwako, ndipo ukakafunsa woganiziridwayo ukhoza kuika mwanayo pa ngozi. Bungwe losamalira ana limene silikufunsa mbiri yako, n'kungokutsekulira chitseko, limatsekulira aliyense chimodzimodzi. Kumalo osungirako ana amasiye usamapiteko kongocheza tsiku limodzi. Ana aang'ono amakakamira wowanyamula, ndipo kusiyidwa mobwerezabwereza kumawapweteka mumtima. Ambiri mwa iwo ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo amene umphawi unamulanda mwana, choncho ine ndingakonde uthandize bungwe lolimbitsa mabanja kuti ana akulire kwawo.

Ukayamba kuipidwa foni yawo ikamalira, kapena kukalipira anthu omwe unabwera kudzawathandiza, watopa. Nena, uchepetse maola. Ikadzakwana nthawi yosiya, uwadziwitse kukadali mwezi wathunthu, ubweze makiyi ndi mabuku, umuonetse wokulowa m'malo pamene walekezera, ndipo utsanzike ana aja pamaso, uwauze tsiku lako lomaliza.

Undilembere kuti wasankha bungwe liti, tsiku lanji, ndi zomwe akuyankha pa nkhani ya osayina ku banki. Undiperekere moni kwa onse kunyumbako, makamaka adzukulu anga.

Ine mayi ako