Kalata yochokera ku Nchalo: funso la mwana lokhudza mapiri

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Johannesburg. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala lafika poti usiku tikugona pabwalo. Chikwawa mukuidziwa.

Mwandifunsa zoti mumuyankhe mwana wanu, poti kusukulu amuuza kuti alembe za mapiri a kwawo, ndipo iye akufuna kudziwa ngati ku Malawi kuli phiri lophulika. Mumuuze kuti lotulutsa moto masiku ano kulibe. Koma musalekere pomwepo, angaganize kuti nthaka ya kwathu inagona tulo.

Ana anga a Sitandade 6 phunziro limeneli ndimawayambitsira panja. Ndimawalozera kum'mawa, kutsidya kwa Shire, kumene mapiri a Thyolo andanda, n'kuwafunsa kuti bwanji anzathu ali pamwamba pozizira akulima tiyi, ife tili pansi tikulima nzimbe ndi thonje? Kenako ndimayala njerwa zitatu pamchenga, n'kukankhira ziwiri zam'mbali uku ndi uku, yapakati n'kumira. Chigwa chathu chinapangika choncho. Nthaka ya kum'mawa kwa Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita ochepa chabe pachaka, ndipo mng'alu wake wadzera ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania mpaka kuno. Nyanja ya Malawi ili mu mng'alu womwewo, n'chifukwa chake pena imazama pafupifupi mamita 700. Mwana aliyense amene anakwerapo minibasi kuchokera ku Blantyre, makutu n'kutseka potsetsereka kupita ku Thabwa, watsikapo khoma la mng'alu umenewu. Blantyre ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe kumalire a Nsanje sipafika ndi mamita 50 omwe.

Umboni woti pansi pakuyendabe ndi zivomerezi: cha ku Salima mu 1989, cha ku Karonga mu Disembala 2009, ndi chija chinagwedeza Nsanje mu Malichi 2018. Palinso akasupe a madzi otentha monga a ku Nkhotakota ndi ku Chiweta.

Phiri lophulika lenilenilo mulongosole mosavuta. Pansi penipeni pa dziko ndi potentha kwambiri, moti pena miyala imasungunuka. Miyala yosungunukayo imakhala ndi mpweya mkati, ndipo ikapeza mng'alu imakwera. Ikamayandikira pamwamba mpweya uja umafufuma n'kuikankhira kunja pamodzi ndi phulusa ndi utsi. Chiphalaphalacho chimatha kutentha kuposa madigiri 1,000. Chikazizira chimauma n'kukhala mwala, china n'kudzaunjikana pamwamba pake, phiri n'kumakula. Kilimanjaro, lalitali kuposa onse mu Africa, la mamita 5,895, linakula motero ngakhale pano lili phee. Limene silinagone ndi Nyiragongo ku Congo: mu Januwale 2002 chiphalaphala chake chinadutsa mumzinda wa Goma mpaka kukalowa m'nyanja ya Kivu, ndipo linaphulikanso mu Meyi 2021. Oyandikira kwathu ndi mapiri a Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanja yathu. Mapiri ngati Everest, la mamita 8,849, nkhani yake ndi ina: kumeneko zigawo ziwiri za nthaka zinagundana n'kukwinyika. Zimenezo atchule mzere umodzi, n'zokwanira.

Koma za Mulanje alembe mofatsa, pakuti apa ngakhale akuluakulu amasokoneza. Ana akaona chithunzi cha Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, amathamangira kunena kuti linaphulika. Ayi. Miyala yosungunuka inakwera ndithu, zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, koma inazizirira pansi pa nthaka n'kuuma gwa. Mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa yomwe inaikuta, chouma chija n'kutsala chili njo. Ana zimawadabwitsa kumva kuti phiri lingaoneke chifukwa choti zolizungulira zachoka.

Chimene ndimalimbikira kwambiri ndi ichi, achemwali. Mabuku amakonda zithunzi za moto wofiira, koma ana a kuno chimene phiri limawatumizira ndi madzi. Nditafunsa za phiri lophulika, mtsikana wina anakweza mkono n'kunena kuti phiri la Soche linaphulika nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, poti anamva kuti miyala ndi matope zinakwirira nyumba ku Chilobwe. Wina anati ameneyo ndi Napolo, agogo ake anamuuza za ku Phalombe mu 1991. Sindinawaseke, ndipo za Napolo sindilimbana nazo m'kalasi, ana amakazifunsa okha kunyumba. Ndinangowasiyanitsira kuti kuja kunalibe moto wochokera pansi. Mvula inagwa masiku angapo osaleka, dothi la paphiri linakhuta madzi n'kulemera, ndipo malo amene mitengo inatha panalibe mizu yoligwira, basi linaguluka pamodzi ndi miyala. Madzi a ku Mulanje amatsika ndi Ruo kudzakumana ndi Shire pa Chiromo, ndiye a ku Makhanga amatha kusamuka ndi madzi a mvula imene inagwa paphiri lomwe ambiri a iwo sanalikwerepo. Mwana wa m'chigwa akamvetsa zimenezo amayamba kutchera khutu pawailesi akamanena za mvula ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, ngakhale kuno kuli ngwee.

Mwana wanuyo ajambule chigwa, mapiri uku ndi uku, Shire pakati, n'kuika chizindikiro pamene pali mudzi wa agogo ake. Akatha munditumizire chithunzi pa WhatsApp, ndikawaonetse anzake kuno.

Amayi anu ndinawaona kumsika Loweruka, ali bwino, akungodandaula za mwendo uja. Akuti mafuta opaka aja atha. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu,
wa ku Nchalo