Amuna anga akukana kukayezetsa, apongozi akuti chumba ndine

Agogo,

Ndithandizeni chonde, mutu wanga sukugwira. Ndine mayi wa ku Salima kuno, ndimapanga geni ya usipa ku Senga Bay, pabanja ndakhalapo ndithu koma mwana ayi. Kumwezi ndimapita mwa apo ndi apo, pena miyezi imangodutsa zii, kuphatikiza ziphuphu, kunenepa, ndi tindevu tomwe ndimazula anthu asanadzuke. Nditapita ku sikani pa kiliniki ina ya pulayiveti anati ndili ndi PCOS, eti timazira timayamba kukula tambirimbiri koma palibe lomwe limakhwima n'kutuluka. Anandipatsa clomiphene, mapilitsi othandiza kuti dzira likhwime, ndamwa mpaka kutopa, palibe chachitika.

Mng'ono wanga akuphunzira unamwino ndiye anandifotokozera za dokotala wina wa ku America, Richard Legro wa ku Penn State, yemwe wakhala akufufuza za PCOS yomweyi. Mu 2014 iye ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa amayi 750, ena anawapatsa clomiphene ngati wangayu ena letrozole, mankhwala omwe poyamba anali a khansa ya m'mawere. Pa omwe anamwa letrozole, pafupifupi 27 mwa 100 aliwonse anabereka mwana wamoyo, a clomiphene anali 19 okha. Letrozoleyo amamwa masiku 5 kuchiyambi kwa msambo, amatsitsa mahomoni achikazi otchedwa estrogen kwa kanthawi ndiye ubongo umatumiza mphamvu zambiri zoti dzira likhwime. Ndipo kuyambira 2018 malangizo a madokotala a m'maiko ambiri amati mayi wa PCOS ayambe ndi letrozole. Agogo zinandikhudza kwambiri, zoti munthu anakhala pansi kufufuza vuto langa lenilenili, yankho linapezeka kalekale, koma ine pano ndikumwabe zakale komanso mizu yowawa ya asing'anga yomwe apongozi amabwera nayo m'botolo. Kafukufuku wotere phindu lake lizithera m'matauni mokha?

Chinanso chikundisowetsa tulo ndi likodzo. Ife tinakulira m'madzi, kuchapa, kusamba, kutsuka mbale zonse kunyanja, ndipo ndili mwana ndinakodzako magazi ngati anzanga ambiri. Mng'ono wangayo akuti mazira a tizilombo ta likodzo amatha kukhazikika m'chiberekero ndi m'machubu omwe dzira limadutsamo n'kutseka njira, mankhwala a likodzo a praziquantel amapha tizilomboto koma zipsera zakale sachotsa. Ndiye ngati machubu anatsekeka, ngakhale dzira litakhwima bwanji silingakumane ndi umuna, mapilitsi onsewa n'kungotaya ndalama. Machubu anga palibe anawayezapo.

Koma nkhani yaikulu ndi bambo akunyumbawa. Ndimawakonda, si ankhanza, sanandimenyepo, koma ukangotchula zokayezetsa umuna nkhope imasintha, akuti ukufuna anzanga kudoko azinena kuti ndinagwa mu mpapaya? Ndawauza kuti kugona bwino ndi mkazi ndi kukhala ndi mbewu yamphamvu ndi zinthu ziwiri zosiyana, komanso kuti a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, mu 2023 ananena kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko amakumana ndi vuto losabereka, amuna ndi akazi omwe, koma amangotuluka panja. Pamene apongozi ndi alamu anga mlandu anagamula kale, chumba ndine, ayamba kale kuwanong'oneza za mkazi wina wa ku Chipoka. Ku chinkhoswe kapena ku sikelo ya ana a anzanga ndinasiya kupita chifukwa maso a anthu amandilasa. Zaka nazo sizikudikira, mazira a mkazi sawonjezekera, timabadwa nawo ndipo amangochepa.

Ndiye Agogo, dokotala ndingamufunse bwanji za letrozole osaoneka ngati ndikumuphunzitsa ntchito? Kugula ndekha ku famase sindikufuna, ndamva kuti pamafunika sikani yoona mmene mazira akukulira. Ndipemphe kalata pa chipatala cha boma kuno yopita kwa madokotala a amayi ku Kamuzu Central kuti akaone machubuwa? Nanga abambowa, ndiitane ankhoswe kapena ziwachititsa manyazi kwambiri mpaka banja kutha? Alipo malume awo amodzi omwe amawamvera, koma sindikudziwa ngati mkazi ndingawayambe nkhani ya umuna wa mphwawo.

Ine mdzukulu wanu,
Senga Bay, Salima